Digiri ya chiyankhulo ungaipeze choko chili m'manja

Mphunzitsi wa kusekondale akafuna digiri yachiwiri, ija ambiri amati masitazi, maganizo amathamangira kotula choko pansi n'kukwera ndege. Koma ali ndi banja, ali ndi ngongole, ndipo ana a Fomu 4 akumudikira. Oterewa aganizireko mofatsa za maphunziro ochita uli pakhomo, makamaka phunziro lotchedwa Applied Linguistics.

Phunziroli limafufuza momwe chiyankhulo chimagwirira ntchito pakati pa anthu: momwe mwana amaphunzirira chiyankhulo chachiwiri, kakonzedwe ka mayeso, kutanthauzira mawu m'khoti ndi kuchipatala, kulemba mtanthauziramawu, komanso kusankha chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu.

Nkhanizi tili nazo pakhomo. Mu 1968 Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidaika Chingerezi patsogolo kuyambira Sitandade 1. Kusintha kulikonse kumagwera mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amayankhula Chiyao, ndi wa ku Chitipa amene adakula ndi Chilambya. Kuti tidziwe njira yomuthandiza, pafunika wina akhale m'kalasimo, amvetsere, alembe, ayese. Ameneyu akhala yani kupatula mphunzitsi amene ali momwemo kale?

Ubwino wa kuphunzira uli pantchito wagona pamenepo. Chimene wawerenga usiku umakachiyesa m'mawa pa ana ako, ndipo kafukufuku wa digiriyo amachokera m'kalasi mwako.

Njirayi ndi yakale. Yunivesite ya UNISA ku Pretoria idayamba kuphunzitsa kudzera m'makalata mu 1946, ndipo Open University ya ku Britain idakhazikitsidwa mu 1969. Mayunivesite a Birmingham ndi Leicester akhala akuphunzitsa phunziro la chiyankhuloli kwa ophunzira okhala m'maiko awo. Kuno kwathu, aphunzitsi ambiri adakweza maphunziro awo motere ku Domasi College of Education ndi ku Mzuzu University. Lero intaneti yalowa m'malo mwa positi ofesi.

Komabe walira mvula walira matope. Fizi ya sukulu zakunja imalipidwa m'mapaundi kapena m'marandi, ndipo kwacha ikagwa mtengo umakwera usiku umodzi. Bandulo imatha phunziro lili mkati, magetsi amathima tsiku lomwe uyenera kutumiza ntchito, ndipo palibe belu lokudzutsa kuti uwerenge. Wosadziikira nthawi yake amasiyira panjira, ndalama zitapita.

Chenjezo lina ndi la sukulu zachinyengo zogulitsa mapepala pa intaneti. Safunsa adadya phula. Musanalipire kalikonse, funsani ku bungwe la National Council for Higher Education ngati digiriyo idzavomerezedwe kuno. Funsaninso sukuluyo ngati mudzakhale ndi mlangizi wa kafukufuku, ngati mabuku a m'laibulale yawo mungawawerenge muli kuno, ndi komwe mayeso amalembedwera.

Pempho langa kwa amene adutse njirayi ndi lakuti asankhe mitu ya kwathu. Momwe wotanthauzira m'khoti la majisitireti amasinthira mawu a mboni, momwe namwino amafotokozera matenda a shuga kwa agogo, momwe achinyamata a ku Ndirande amasakanizira Chichewa ndi Chingerezi, zonsezi zikudikira ozifufuza. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, yomwe idalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996 ndipo idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ntchito yotere imafuna manja ambiri.

Mukamaliza, zotsatira zake zisathere m'kabati ya ku Birmingham. Zilembeni mwachidule m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mukaziwerenge pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Ana amene mudawafufuzawo ndi awo.