Ndalama za boma ndi amana

Mu 2021 ana a ku Chinyonga, monga anzawo m'dziko lonse, anakhala pakhomo pamene aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe la TUM, ankanyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. M'nyengo yomweyo kafukufuku anaonetsa kuti gawo la K6.2 biliyoni yolimbana ndi mliriwu linasakazidwa, ndipo mu Epulo Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito, Ken Kandodo.

Apa tinaona kuti mabungwe a apantchito ali ndi mphamvu yogwedeza boma. Koma mphamvuyi ikamangothera pa kupempha gawo lawo, wakuba amapumira m'mwamba. Chiyambireni 2020 tili ndi lamulo lotilola kufunsa boma mmene lagwiritsira ntchito misonkho yathu. Mabungwewa ayenera kutsogolera pofunsa.

Kwa ife Asilamu, chuma cha anthu ndi amana. Mbiri imatiuza kuti Khalifa Umar (Allah asangalale naye) anafunsidwa pagulu za nsalu imene anavala, ndipo anayankha osakwiya. Choncho, pamene tikufunsa boma, makomiti a mizikiti yathu nawonso aziwerenga poyera zopereka za pa Jumu'ah ndi zakaat.