Tisanapite kunyanja, tiyambe tasesa m'foni

Pa 15 Okutobala chaka chatha, tsiku la anakubala, ine ndi achemwali anga tidasonkherana ndalama n'kuwatenga amayi kupita nawo ku Mangochi. Amayi adabadwira ku Chiradzulu, akhala ku Bangwe zaka zambirimbiri, koma nyanja ankangoionera pa kalendala. Tidakwera minibasi ku Limbe kusanache bwinobwino, ndipo pofika ku Zomba n'kuti ine nditayamba kale kujambula: phiri, ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, mtsinje wa Shire pa Liwonde, ngakhale kondakita akukangana ndi munthu wina pa nkhani ya chenje. Titafika kugombe, amayi adavula nsapato, n'kukweza chitenje pang'ono, n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo uku akuseka ngati kamtsikana ka sitandade 5.

"Iwe, jambula tsono! Wangoima ngati mtengo bwanji?"

Ndidakweza foni, kamera n'kukana. Akuti malo atha.

Zimene ndidachita pamenepo ndi zomwe ambirife timachita. Ndidathamangira mu File Manager, n'kupeza foda ya mavidiyo a pa WhatsApp itatupa, n'kusankha zonse, n'kufufuta. Sipadathe ndi mphindi imodzi yomwe, malo adapezeka, zithunzi za amayi zidajambulidwa, tidadya chambo, tidabwerako. Patatha masabata awiri achemwali adandiuza kuti ndiwatumizire kavidiyo ka agogo, kamene msuweni wathu adajambula pa chinkhoswe kumudzi, agogo akuvina ndi ndodo yawo. Agogowo adatisiya miyezi ingapo ulendo wa kunyanjawu usanachitike. Kavidiyo kaja kadali mu foda ija. Msuweniyo foni yake adamubera mu minibasi, achemwali adasintha foni osasamutsa kanthu. Aliyense mwa atatufe ankaganiza kuti mnzake ali nako.

Kuchokera tsiku limenelo ndimamvetsera kwambiri anzanga akamadandaula za storage. Akabwera kuchokera ku Cape Maclear, ku Dziwe la Nkhalamba kapena ku Chawe, nyimbo yake ndi imodzi: foni iyi ndi yaing'ono, ndikapata ndalama ndigula ya 256 GB. Ine sindikukana kuti mafoni ambiri amene tili nawo, ma itel, ma Tecno ndi ma Samsung otsika mtengo, ndi a 32 kapena 64 GB, komanso kuti gawo lina la malowa limakhala litadyedwa kale ndi Android ndi ma app foni isanatuluke m'katoni. Koma ndili ndi mnzanga ku Namiwawa wa foni ya 256 GB, ndipo nayenso idamudzadzira. Vuto lathu ndi loti chinthu chimodzi tachisandutsa alubamu ya banja komanso dzala lotayapo zinyalala, ndiye nthawi yosiyanitsa ziwirizi timaipeza tili chiimire pagombe, dzuwa likulowa, anthu akudikira kuti tiwajambule.

Tiyambe ndi dzalalo. Tsegulani WhatsApp, pitani ku Settings, kenako Storage and data, kenako Manage storage. Mudzadabwa. Gulu la kutchalitchi, gulu la ukwati umene udachitika kalekale koma palibe wolimba mtima kutulukamo, gulu la maliro, la banki m'khonde, la anzanu a kusekondale, la mpira kumene a Maule ndi a Nyerere amatumizirana mavidiyo ogemulana sabata yonse. Onjezerani azakhali aja a maluwa a m'mawa uliwonse. Pamenepo WhatsApp imakuonetsani yokha mafayilo oposa 5 MB ndi amene atumizidwa kambirimbiri, ndipo mutha kuwafufuta mukuwaona limodzilimodzi, osati mwachimbulimbuli ngati mmene ndidachitira ine. Pansi pake pali Media auto-download. Zimitsani, makamaka pa mavidiyo. Zimandimvetsa chisoni kuti timagula data ndi ndalama zathu kuti tikokere m'foni zinthu zimene sitidapemphe, kenako n'kufufuta zathuzathu kuti alendowa apeze pogona. Ntchito yosesayi ndi ya kunyumba, kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti munyamuke, mutakhala pansi ndi kapu ya tiyi.

Mukafunsa pa intaneti, malangizo ake amakhala amodzi: ikani zonse pa cloud. Olemba malangizowa amakhala ku London kapena ku California, kumene Wi-Fi ili ngati mpweya. Kuno tiyeni tiwerengere limodzi. Google imapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse, koma malowa amagawana Gmail, Drive ndi Photos. Kale Google Photos inkalola kusunga zithunzi zopanda malire bola zichepetsedwe pang'ono, koma mwayi umenewo udatha pa 1 Juni 2021. Kuyambira kumapeto kwa 2023 kulowa mu 2024, backup ya WhatsApp pa Android nayonso idayamba kuwerengedwa pa 15 GB yomweyo, kutanthauza kuti maluwa a azakhali aja akukudyerani malo kuwiri. A iPhone ndiye zawo n'zochepa kwambiri, iCloud yaulere ndi 5 GB basi. Mukafuna kuonjezera malo muyenera kulipira mwezi ndi mwezi kudzera pa khadi la kubanki lotha kulipira kunja, m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa ndipo kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komanso kukweza 10 GB pa cloud kumafuna data ya 10 GB, ndipo bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook imene ambirife timadalira siigwira ntchito imeneyo. Wi-Fi ya pa loji ya kunyanja pa tsiku la holide, alendo onse ali pomwepo, musaiwerengere.

Sindikuti cloud tiitaye ayi. Ndikuti 15 GB ndi yambiri kwa munthu wosankha, ndipo ndi yochepa kwa munthu wongokhuthula. Chithunzi chimodzi cha pafoni nthawi zambiri chimakhala pakati pa 2 ndi 5 MB. Mukasankha zithunzi 100 zabwino za ulendo wonse, simufika ndi theka la GB lomwe. Zimenezo mutha kukweza ndi bandulo wamba mutabwerera ku Blantyre, kapena pa Wi-Fi ya kuntchito kapena kukoleji. Mu Google Photos mumatha kusankha mafoda oti azikwezedwa, ndiye siyani foda ya kamera yokha, ya WhatsApp ndi ya ma screenshot ayi.

Pali misampha ingapo imene anthu amagweramo pamenepa, ndipo ndaona misozi chifukwa cha iyo. Mukafufuta chithunzi muli mkati mwa Google Photos, chimachoka m'foni komanso pa cloud. Ngati cholinga ndi kupeza malo m'foni, batani lake ndi Free up space, limene limachotsa zokhazo zimene zidakwezedwa kale. Komanso zimene mwafufuta mu Gallery zimayamba zapita mu bin, kumene pa mafoni ambiri zimakhala masiku 30, ndiye malo sapezeka mpaka mutakhuthula bin imeneyo. N'chifukwa chake munthu amafufuta zithunzi 200 pagombe foni n'kumamuuzabe kuti yadzadza. Koma msampha waukulu kwa ife ndi akaunti. Ndi angati amene Gmail yawo adawatsegulira ndi mnyamata wa pashopu pamene adagula foni, ndipo pasiwedi yake saidziwa? Foni ikabedwa pa depoti kapena ikagwera m'madzi pa bwato lopita ku chilumba cha Thumbi, zithunzi zanu zimakhala zilipo ndithu pa cloud, koma inu mulibe kiyi. Ndipo kuyambira mu Disembala 2023, Google idati akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito itha kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Musanagule zovala zosambira, lowani mu akaunti yanu ndi manja anu, muone ngati nambala ya foni yobwezeretsera pasiwedi ili yanu imene mukugwiritsa ntchito lero.

Ena amati ine zanga zili pa memory card. Chabwino, ngati foni yanu ili ndi polowetsa, chifukwa mafoni ambiri atsopano apamwamba alibe, ndipo iPhone siidakhalepo napo. Koma samalani ndi makhadi a pabenchi. Ndidagulapo lina ku Limbe lolembedwa 128 GB pa mtengo woti ndikadakhala woganiza bwino ndikadakayika. Foni inkaliwerengadi kuti ndi 128, koma mkati mwake mudali malo ochepa, ndipo litadzadza, zithunzi zinkaoneka maina okha, ukatsegula n'kupeza mdima. Khadi latsopano liyeseni musananyamuke: lidzazeni ndi mavidiyo ambiri, kenako tsegulani oyambirira ndi omalizira muone ngati onse akusewera. Fulashi yolumikiza ku foni mwachindunji, ya OTG, imathandizanso kwambiri paulendo chifukwa siifuna netiweki. Chimene sindingakulangizeni ndi kusiya foni yosakhoma kwa anyamata oika nyimbo kuti akusamutsireni zithunzi inu mukukagula chipisi. Ambiri ndi okhulupirika, koma zithunzi za kunyanja ndi za kunyanja, mukudziwa zimene ndikunena, ndipo chimene chalowa m'magulu a WhatsApp sichibwezeka.

Tsono tifike pa khalidwe lathu lojambula, pamene pali phata la nkhani. Chimene chimadya malo si zithunzi kwenikweni, ndi mavidiyo. Pa mafoni ambiri mphindi imodzi ya vidiyo ya 1080p imatha kudya pafupifupi 100 MB kapena kuposa, ndipo 4K imadya kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Ndiye muone zimene timachita pa chikondwerero cha nyimbo kugombe: woimba akangokwera pa siteji, manja onse m'mwamba, mphindi 20 kujambula chinthu chogwedezeka, chamdima, mawu ake ophulika, chimene sitidzachioneranso mpaka kalekale. Pa status pamapita masekondi ochepa, zotsalazo n'kukhala m'foni zaka zitatu. Pa Dziwe la Nkhalamba munthu mmodzi amajambulitsa zithunzi 40 pa mwala umodzi kuti asankhepo chimodzi, zomwe si zolakwika, koma 39 zija ndani amazifufuta?

Ine pano ndidaika lamulo langa. Madzulo aliwonse a paulendo, foni ili pa tchaja, ndimatenga mphindi 10 kuona zimene ndajambula tsiku limenelo lokha. Zofanana ndimasiya chimodzi kapena ziwiri, zimene ndazikonda ndimaziika kamtima. Sindikhudza chilichonse cha masiku akale ndili paulendo, zivute zitani. Anzanga amandiseka kuti ndakalamba msanga, eti holide ndi yopuma osati yogwira ntchito ya ukalaliki. Ndimawamvetsa. Koma mphindi 10 zimenezo n'zimene zimandipatsa mtendere mawa lake, ndipo kunena zoona, ndi nthawi yokhayo imene ndimaziona zithunzizo mofatsa. Zikakhala 900 palibe amene amazitsegulanso.

Pogawana zithunzi ndi anzanu a paulendo, kumbukirani kuti WhatsApp imazichepetsa mphamvu, ndipo ngakhale mutasankha HD imazichepetsabe pang'ono, pokhapokha mutazitumiza ngati document. Ndipo kudzitumizira wekha pa WhatsApp si kusunga, chifukwa popanda backup zimakhalabe m'foni yomweyo imene ingabedwe mawa. Chofunika n'choti chithunzi chilichonse chimene simungafune kutaya chikhale malo awiri osiyana, ndipo mudziwe ndithu kuti chilipo, osati kuganizira kuti msuweni ali nacho.

Makolo athu ankadikira wojambula wa panjinga, n'kumulipira, n'kudikiranso masabata kuti akatsuke zithunzi m'tauni. Banja linkakhala ndi zithunzi 30, ndipo aliyense ankazidziwa pamtima. Sindikuti tibwerere kumeneko, komanso pepala silikhalitsa mpaka muyaya. Mabanja a ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche amene nyumba zawo zidakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adataya, pamwamba pa zonse zazikulu zimene adataya, ngakhale maalubamu amene akadawakumbutsa nkhope za abale awo. Pamenepo amene adali ndi zithunzi pa Google kapena pa Facebook ndi amene adatsala ndi kena kake. Ndiye pepala palokha silikwanira, foni payokha siikwanira, cloud payokhanso siikwanira.

Titabwerako ku Mangochi, ndidasankha zithunzi 12 n'kukatsukitsa pa situdiyo ina m'tauni. China, amayi ali m'madzi chitenje chili m'manja, adachiika mu felemu pabalaza ku Bangwe, pafupi ndi cha ukwati wawo, ndipo mlendo aliyense amayamba waonetsedwa chimenecho asanapatsidwe madzi akumwa. Za kavidiyo ka agogo sindidawauzebe bwinobwino. Ndalemba m'gulu la banja kufunsa aliyense amene adali pa chinkhoswe chija kuti aone m'foni mwake, ndipo malume a ku Johannesburg ati foni yawo yakale ili m'sutikesi, adzayang'ana akapeza tchaja yake.