Manyazi si mwambo

Pali mau amene makolo ambiri amabisalamo: "Pa mwambo wathu, kholo silikamba za kucipinda ndi mwana wake." Mau amenewa amamveka ku Ulónguè, ku Furancungo mpaka ku Metangula, ndipo owanenawo amadziona ngati osunga cikhalidwe. Ai ndithu. Asunga theka la mwambo, ndipo asankha theka lopepuka.

N'zoona kuti kale mai sankakhazika pansi mwana wake kumuuza za amuna. Koma mwanayo sankasiyidwa mumdima. Mtsikana akatha msinkhu ankapita kwa agogo ake, ndipo anankungwi ankamulanga ku cinamwali. Mnyamata anali ndi atsibweni ake, agogo ake ndi akuluakulu a kudambwe. Mwambo unatseka pakamwa pa kholo cifukwa unali utapereka nchitoyo kwa ena.

Nanga lero enawo ali kuti? Banja lili ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, agogo anatsala kumudzi, atsibweni ali ku Joni. Tinasamuka ndi manyazi okha, malangizo tinawasiya. Koma mpando wa nankungwi sukhala wopanda munthu. Pakhalapo telefoni, manovela, anzake a kusukulu, ndi bambo uja wa pabaraka amene ali ndi ndalama ya sopo ndi mafuta odzola.

Zipatso zake tikuziona. Kafukufuku wa IMASIDA wa 2015 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 muno m'Moçambique, 46 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati. Wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti munthu mmodzi mwa 8 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV. Kukhala cete kukanakhala mankhwala, bwenzi titacira kale.

Ena amati: "Mukawauza, muwaphunzitsa ciwerewere." Kodi amene wauza mwana kuti padooko pali ng'ona wamutuma kukasamba pomwepo? Mwana ayenera kudziwa kuti mimba imabwera ngakhale pa ulendo woyamba, kuti kusamba pambuyo pake sikuletsa kanthu, kuti munthu wonenepa bwino angakhale ndi kacirombo, kuti kondomu imateteza, ndi kuti ali ndi ufulu wokana, kaya wofunayo ndi mphunzitsi kapena m'bale. Timaseka Safunsa amene anadya phula, koma mwana akafunsa timamupatsa khofi. Tsono tikufuna adye ciani?

Ena amati imeneyi ndi nchito ya boma. Boma lacitapo mbali yake. Mu 2018 linacotsa lamulo la 2003 limene linkakankhira atsikana apakati ku makalasi a usiku. Mu 2019 linakhazikitsa lamulo loletsa kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. M'zipatala zambiri muli cigawo ca acinyamata cochedwa SAAJ, ndipo mwana wozunzidwa angaimbe ulere nambala 116. Koma lamulo limafika zinthu zitaonongeka kale, ndipo namwino sagona m'nyumba mwanu. Amene amaona kuti mwana wabwera ndi nsapato zimene simunagule ndinu.

Tisanamizanenso kuti timakamba. "Usatibweretsere mimba muno" si malangizo, ndi ciopsezo, ndipo mwana woopsezedwa amaphunzira kubisa. Kuonjezera apo, ciopsezoco cimagwera mtsikana yekha. Mnyamata timangomusekerera kuti mwamuna ndi tonde. Atate, mimba siibwera ndi mphepo. Ngati simuuza mwana wanu wamwamuna kuti mtsikana akakana wakana, mukulera tsoka la nyumba ya mnzanu.

Ngati lilime likulemerani, citani monga ankacitira makolo: sankhani munthu wokhulupirika, kaya azakhali, amai aang'ono kapena atsibweni, mumupemphe maso ndi maso, ndipo mwanayo adziwe kuti khomo limenelo ndi lotsegula. Ngati palibe wotero pafupi, nchitoyo yagwera inu. Yambani mwana asanathe msinkhu, pang'onopang'ono, posenda cimanga kapena panjira ya kumunda. M'mera mpoyamba.

Manyazi a kukamba amatha tsiku lomwelo. Mwana wa zaka 14 wobereka mwana mnzake kumsana adzausenza mtolo umenewo moyo wake wonse, ndipo adzadziwa kuti m'nyumba munali akulu amene ankadziwa zonse koma anasankha kukhala cete.