Nyimbo Zopanda Mawu Nazo Zimalankhula

Ambirife tikamawerenga usiku timamvetsera nyimbo za m'mafilimu zoimbidwa ndi mavayolini ndi malipenga. Timati zilibe vuto poti mulibe mawu. Koma taganizani: mu 1975, John Williams anaopseza oonera filimu ya Jaws ndi manotsi awiri okha, shaki isanaoneke n'komwe. Naye Mantovani ankakhazika anthu mitima pansi poimba nyimbo za m'mafilimu mofatsa ndi mavayolini ake. Choncho nyimbo, ngakhale ikhale yopanda mawu, imatsogolera mtima.

Sitikunena kuti tizitaye, pakuti zambiri n'zokoma ndipo tingaphunzirepo luso. Koma tisanaike nyimbo yotere paukwati kapena papulogalamu ya achinyamata kutchalitchi, tizidzifunsa kaye: anaipekera chiyani, nanga iwakumbutsa chiyani omvera?