PAKAMWA PANAI, LIU LIMODZI

Tsiku lina madzulo tinatsata ana athu a sukulu kufikira m'nyumba ina ya kanema ku Mbamba, kuti tione chimene chiwakoka koposa mabuku ao. Tinapeza alikuyang'ana zithunzi zoyenda za mtundu uja auchula katuni, ndipo m'menemo munali anthu anai ojambulidwa: nkhalamba, mkazi, ndi ana awiri. Koma liu linali limodzi lokha, la mnyamata amene anatembenuza mau ao m'Chinyanja, nalankhulira onse anai. Nkhalamba inatseka pakamwa, mau ali chipitirire. Mkazi anatsegula pake, osamveka kanthu. M'mawa mwake tinafunsa anawo kuti mau akuti ananena ndani, ndipo anatsutsana okha okha kufikira belu linalira.

Abale, ife tiikana nchito yotere, ndipo tinena chifukwa chake.

Amisiri eni ake satero ai. Chiyambire 1928, pamene Walt Disney anaonetsa Steamboat Willie ku New York, zithunzi ndi phokoso zikuyendera pamodzi, iwo anaphunzira kusamala. Mwambo wa ambiri ndi uwu: ayamba ajambula mau, munthu yense liu lake pa lokha, ndipo pambuyo pake alemba milomo kutsata mauwo. Sekondi imodzi ya kanema iri ndi zithunzi 24, ndiko kunena 1,440 pa mphindi, ndipo mmisiri adziwa chithunzi chimene m, b kapena p agwerapo, pakuti pamenepo milomo iyenera kukomana. Yesani kunena "bambo" kapena "amai" osatseka milomo, mudzalephera. Anthu akakhala anai pa bwalo limodzi nchito ikula koposa, popeza wolankhula ayenera kuoneka kuti ndi iye, anzake ali chete namtembenukira maso, ndipo woyankha asatsegule pakamwa nthawi yake isanafike. Ife a pa chilumba tidziwa bwino zimenezi. Pa malipenga phazi la munthu mmodzi likaphonya ng'oma, kodi mudzi wonse sumseka?

Ena adzati, Aphunzitsi, mwaumitsa mtima. Nanga si bwino ana amve Chinyanja cha munthu mmodzi kusiyana ndi Chingerezi chimene sachimva? Tivomera kuti mnyamatayo anaona njala yeni yeni, ndipo sitimnyoza pofuna iye kupeza ndiwo. Tivomeranso kuti kuika Chinyanja pa milomo yolembedwera chilankhulo china nkobvuta. Mngerezi poitana anena come, phatikizo limodzi. Ife titi "bwera," awiri. Koma mwana poitana wamkulu ati "bwerani," atatu. Apa ndipo pagona mlandu wathu. Wotembenuza uja, pothamangira kuti asatsalire m'mbuyo, anadula ulemu: mwana wa m'chithunzi anati kwa nkhalamba, "Bwera iwe," ndipo ana athu anaseka, nauyesa mchitidwe wabwino. Pamene mau anamthera anadzazapo nthabwala zake zake, zosakhala m'nkhani konse. Mwana womva zotere madzulo onse, tidzamuuza bwanji m'mawa kuti agogo ake sawaitana "iwe"?

Wotembenuza wakhama akadakhala pansi, nawerenga maphatikizo a chiganizo chiri chonse, nafuna mau ena aulemu olingana ndi nthawi imene pakamwa pali potseguka. Akadaitananso mkazi alankhulire mkazi, ndi mwana alankhulire mwana. Asatiuze munthu kuti izi nza Azungu okha. M'chaka cha 2023 a Netflix anaonetsa Supa Team 4, nkhani yopeka Malenga Mulendema, mai wa ku Zambia, yonena za asungwana anai a mu Lusaka, yense ndi liu lake ndi makhalidwe ake. A Triggerfish a ku Cape Town anagwirako nchito, ndipo inatembenuzidwanso m'Chizulu. Ngati Chizulu chinakhoza kukhala pa milomo inai, Chinyanja chilephera ndi chiani?

Tipempha tsono akulu a mipingo ndi makolo kuti alowe m'nyumba zimenezi kamodzi, amve okha ndi makutu ao. Ndipo anyamata otembenuza, akafuna anthu olankhula, abwere ku sukulu atifunse. Pa Likoma ndi pa Chizumulu sipasowa asungwana odziwa kuwerenga momveka, ngakhale nkhalamba za liu lolemera zimene zikadakondwa kuitanidwa.