Mwana wamkazi wogwada pa tayala

Ku America kuli mpikisano wa magalimoto umene umayendetsedwa ndi bungwe lochedwa NASCAR, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948. Magalimoto ake amafanana ndi a pamseu, koma liwiro lake limafika makilomita 300 pa ola. Masewerawa anakulira kumwera kwa dzikolo, kumene tsankho la khungu linazika mizu, ndipo kwa zaka zambiri anali a amuna acizungu.

Wendell Scott, munthu wakuda, anapambana ku Jacksonville mu 1963, koma cikho cinaperekedwa kwa mzungu amene anali pambuyo pake. Scott anamwalira mu 1990 asanacigwire, ndipo banja lake linadzalandira cikho mu 2021. Ngati mwamuna wakuda anacitiridwa zotere, nanga mkazi wakuda akadalowera khomo liti?

Khomo linapezeka pamalo pamene magalimoto amaima pakati pa mpikisano kuti asinthidwe matayala. Brehanna Daniels anali wophunzira pa Norfolk State University, katswiri wa basketball. Mu 2016 anthu a NASCAR anafika pasukulupo kudzafuna acinyamata amphamvu ndi acangu. Iye anayesedwa, nasankhidwa. Mu 2017 anakhala mkazi wakuda woyamba kusintha matayala pa mpikisano wa dziko lonse wa bungweli, ndipo mu 2019 anagwira nchitoyi pa Daytona 500, mpikisano wochuka koposa yonse.

Nchitoyi si yamasewera. Galimoto ikangoima, wosintha amalumpha khoma, nagwada pansi ndi cida campweya m'manja. Masiku amenewo tayala lililonse linali ndi manati asanu, ndipo matayala anayi ankasinthidwa m'masekondi osakwana 15. Nati ikapanda kumangika bwino, moyo wa woyendetsa uli m'manja mwa wogwadayo.

Cimene catigwira mtima n'cakuti luso la mtsikanayu linalipo kale. Cinasowa ndi munthu wopita kukalifuna. M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, wanchito anakwirira yekha cuma cimene anapatsidwa. Koma za ana aakazi, kawirikawiri okwirira ndife makolo. Kodi sitinamvepo m'makomo mwathu kuti sipanala si ya mkazi, mwana atapempha kukaphunzira umakaniko?

Ena anatsatira. Mu 2018 Melissa Harville-Lebron, mai wakuda, analowetsa galimoto ya gulu lakelake pa mpikisano wa ku Daytona. Toni Breidinger anakhala mkazi woyamba wa mtundu wa Aluya kuyendetsa pa mpikisano wa dziko lonse wa NASCAR.

Komabe tisafulumire kuomba m'manja. Mpando wa woyendetsa umafuna ndalama zambiri za makampani, ndipo ana a mabanja osauka amalekera panjira. Ngakhale mbendera ya Confederate, imene imakumbutsa anthu akuda za ukapolo, inaletsedwa pa mabwalo a NASCAR mu June 2020, Daniels atagwira kale nchito pansi pake zaka zitatu.