Mfiti ya Ataliyana Ilibe Lichero

Mwana wa mlongo wanga, amene wakhala zaka zinayi ku Johannesburg akumanga nyumba za eni ake, adafika kuno ku Nsipe mwezi wathawu ndi chikwama cha zimbale za kanema zimene adagula pakaunjika, ndipo popeza mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ine ndidasiya wailesi yanga n'kukhala pansi kuti ndione chimene ankandiitanira ndi changu chotero. "Amalume," adatero iye, "lero muona ufiti wa Azungu."

Kanemayo dzina lake Suspiria, adamkonza Mtaliyana wina, Dario Argento, m'chaka cha 1977. M'chikwamamo mudalinso za anzake, Mario Bava ndi Lucio Fulci, koma mtima wanga sudalole kupitirira chimodzi. Nkhani yake njakuti namwali wa ku America, Suzy, apita ku Freiburg m'dziko la Germany kukaphunzira magule, osadziwa kuti aphunzitsi akewo ndi gulu la afiti, ndipo taonani, mphutsi zigwa kuchokera kudenga, woimba wakhungu alumidwa pakhosi ndi galu wake yemwe, makoma ali psuu ngati magazi, kwinaku oimba a Goblin akunong'ona ndi kuguguda zinthu zimene ngakhale ng'oma ya vimbuza ingachite nazo manyazi.

Ine ndidaseka, mwanayo n'kukhumudwa. Chidandiseketsa ndi ulemerero wa mfitiyo, pakuti ya kwathu kuno, monga amatiuzira odziwa, imauluka pa lichero, ili maliseche, n'kugwa m'bandakucha pakhomo pa eni ake mafuta atatha, pamene ya Ataliyana ili ndi nyumba yosanja, magetsi, antchito, ndiponso makolo amalipira fizi kuti ana awo akalowe m'manja mwake. Ataliyana ife tidawadziwa ngati ansembe a ku Balaka, omanga matchalitchi ndi kusindikiza mabuku; ndani akadalota kuti kwawo amasunga zoterezi? Ndipo kodi si Azungu anzawo, Angerezi, amene adatilembera lamulo la 1911 loletsa mwavi ndi kutchula munthu mfiti, lamulo limene lidakalipo kufikira lero?

Koma kuseka kwanga kudatha pamene namwali uja adalowa m'chipinda chobisika n'kupeza mwini ufiti wonsewo, Helena Markos, ali gone kuseri kwa nsalu, akupuma movutika. Adali nkhalamba yamakwinya. Ha! Kuwoloka nyanja zonsezo, kuwononga chuma chonsecho, n'kukathera pomwe amathera mnyamata woledzera wa pa Kampepuza, pa gogo wopanda mano! Namwaliyo ambaya pakhosi, nyumba iyaka moto, iye atuluka akumwetulira, ndipo ana amene adadzaza pawindo langa adaomba m'manja.

Kuomba m'manja kumeneko ndiko kwandisowetsa tulo, pakuti inu nonse mukudziwa, monga ndidziwira ine, kuti mwana akangodwala malungo, kapena mphenzi ikagwa pamudzi, maso onse amatembenukira kwa mayi wamasiye amene adatilandira ife tonse pobadwa, n'kuyamba kunena kuti akuphunzitsa ana ufiti. Ndipo m'nyumba za kanema za pa Lizulu ndi paboma, mmene ana amalowa ndi makobidi a sopo, mafilimu a ku Nigeria akhala akuwaphunzitsa katekisimu yemweyo zaka zambirimbiri. Makolo adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife tayamba kutentha dambo lenilenilo. Kwa Argento, nkhalamba ija idapukuta utoto kumaso n'kukalandira malipiro ake, pamene ya kwathu imagona kupolisi pothawa miyala ya zidzukulu zake.

Chimbalecho ndamubisira mwanayo m'nkhokwe, pansi pa chimanga, ndipo akachifuna adikire mwezi wa February.